Mbalame za mu Lilongwe kumayambiriro kwa masika: mafunso ndi mayankho

Chaka chilichonse mvula ikayamba kudukiza, dowe atayamba kuuma m'minda ya m'mphepete mwa Lingadzi, anthu amene amandipeza m'mamawa nditaima chilili pamsewu, maso ali m'mwamba, amandifunsa mafunso omweomwewo. Ena amafunsa ndi chidwi, ena akuseka. Mlonda wina anachita kundifunsa ngati ndabwera kudzayeza mapuloti. Mafunsowo ndawasonkhanitsa pano. Nyengo imene ndikukamba ndi yochokera pakati pa Malichi kukafika kumapeto kwa Epulo, dzinja likamasiyira masika bwalo.

Nyengo imeneyi ili ndi chiyani? Mbalame si zomwezomwezo chaka chonse?

Pumbwa, njiwa, khwangwala ndi nthengu, amenewo ndi eni mudzi. Muwapeza mu Januwale, muwapezanso mu Julayi. Koma pa mitundu pafupifupi 650 imene Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett anailemba m'buku lawo la mbalame za m'Malawi la 2006, yambirimbiri ndi ya alendo. Imabwera ndi mvula, imachokanso ndi mvula, ndipo Malichi ndi Epulo ndiyo miyezi yotsanzikana. Paja mlendo ndi mame.

M'masabata omwewa mbalame za m'dambo zimakhala zidakali m'zovala zaukwati, zina zofiira psuu, zina zachikasu, zina zikukoka mchira wotalika kuposa thupi. Pofika Juni nthenga zonsezo zimakhala zitathothoka, eni ake atasanduka timbalame totuwa tovuta kusiyanitsa. Wotuluka pano amawapeza onse, aulendo asananyamuke, a m'dambo asanavule.

Alendowo ndi ati, ndipo akupita kuti?

Woyamba ndi namzeze wa pakhosi pofiirira, amene m'mabuku ndi Barn Swallow. Kuyambira Okutobala amakhala ali ponseponse, koma mu Malichi ndi pamene mumawaona madzulo atandandalika pa mawaya a magetsi, mazanamazana, ngati anthu odikira basi ku depoti. Nthenga anasinthira konkuno, ndiye msana umachita kunyezimira, timichira tiwiri tam'mbali titatalika bwino. Kathupi kake n'ka magalamu 20 okha, koma kukafika kumene amaswanira, ku Ulaya ndi kumadzulo kwa Asia, ndi makilomita 7,000 kapena kuposerapo.

Wachiwiri mumayamba mwamumva musanamuone. Ndi fulagombe wa ku Ulaya, European Bee-eater. Cha kumapeto kwa Malichi mukamva kulira kofewa kuchokera m'mwamba, prruu, prruu, ngati wina akuliza wenzulo wolowa madzi, kwezani maso. Amadutsa m'magulu, nthawi zambiri pamwamba kwambiri moti amangooneka ngati timadontho, koma akatera mumaona khosi lachikasu, msana wofiirira ndi mimba yobiriwira mopita ku buluu. Ine kwa zaka zingapo ndinkangomva phokosolo osadziwa mwini wake.

Amene amandimaliza nzeru ndi kabawi wamng'ono wotchedwa Amur Falcon. Wamwamuna ndi wotuwa moderapo, miyendo yofiira, kunsi kwa mapiko koyera. Mumupeza pa mawaya odutsa m'minda kunja kwa tauni, akudikira ziwala ndi ngumbi. Kwawo ndi kum'mawa kwa Siberia ndi kumpoto kwa China. Pobwera kuno amayamba wasonkhana ku Nagaland, kumpoto chakum'mawa kwa India, kenako amaoloka nyanja yamchere mpaka ku East Africa, makilomita pafupifupi 3,000 opanda poteramo. Kupita ndi kubwera pachaka ndi makilomita cha m'ma 22,000. Mu 2012 zinadziwika kuti ku damu la Doyang ku Nagaland komweko anthu ankawagwira ndi maukonde zikwizikwi n'kumagulitsa ngati ndiwo. Midzi yomweyo inasiya, ndipo lero ndi imene imawalondera. Amene mumuone ku Mitundu kapena ku Lumbadzi mwezi uno mwina anagonapo m'mitengo ya kumeneko.

Adokowe alipo awiri. Woyera wa mlomo ndi miyendo yofiira ndi wa ku Ulaya. Iyeyu sakonda kuuluka pamwamba pa nyanja, chifukwa amadalira mpweya wotentha wokwera kuchokera pansi kuti umunyamule, choncho amazungulira, kudzera ku Egypt, Israel ndi Turkey. Winayo, Abdim's Stork, ndi wamng'ono, wakuda, mimba yoyera, ndipo sachoka mu Africa: amakaswanira kumunsi kwa chipululu cha Sahara, m'maiko monga Niger, Chad ndi Sudan. Mukaona gulu la mbalame zikuluzikulu zikuzungulira m'mwamba cha m'ma 10 koloko, dzuwa litayamba kutentha, kawirikawiri ndi amenewa akufuna njira.

Pali ena ang'onoang'ono amene amafuna diso. Red-backed Shrike amakhala pansonga ya chitsamba kapena pa waya wa mpanda, mutu wotuwa, mzere wakuda wodutsa m'maso ngati wakuba wodzimanga nsalu. Mnzake Lesser Grey Shrike amangodutsa masiku ochepa mu Epulo, lero alipo, mkuja kulibe. Ndipo m'mitengo ya pakhomo muli Willow Warbler, katimba kosakwana n'komwe magalamu 10, koti kapaketi ka shuga ka pa okala kamakaposa kulemera. Miyezi yonseyi kamakhala chete, koma mu Malichi kamayamba kuyeserera nyimbo yake, yofewa, yotsika pang'onopang'ono ngati madzi akudontha.

Alendo a mu Africa momwemuno nawonso ali pa ulendo. Mphamba uja wolanda anapiye, amene amafika mu Ogasiti, pofika kumapeto kwa Malichi amakhala atasowa. Lumbe wa nthenga ziwiri zazitali m'mapiko, Woodland Kingfisher ndi Broad-billed Roller onse amalowera kumpoto, kutsatira mvula kutsidya kwa equator.

Akuthawa kuzizira kwa Juni?

Ayi. Kuzizira kwa Lilongwe n'kwamasewera poyerekeza ndi kumene ena a iwo amafikira mu Epulo, chipale chisanasungunuke bwino. Nkhani ndi chakudya ndi ana. Kuno mvula ikatha tizilombo touluka timachepa, pamene kumpoto kwa dziko lapansi timabuka kwa miyezi yochepa, usana n'kutalika mpaka maola 16 kapena kuposa. Mbalame yodyetsa ana asanu imafuna usana wotero. Chimene chimaiuza kuti nthawi yakwana chili m'thupi mwake momwe: imayamba kudya mosalekeza, mafuta n'kuunjikana pachifuwa ndi pamimba, usiku n'kumasowa tulo. Njira imaidziwa ndi dzuwa, nyenyezi ndi mphamvu ya maginito ya dziko. Tambiri tating'onoting'ono timauluka usiku, n'chifukwa chake simuona tsiku limene tanyamuka.

Anthu anadziwa bwanji kuti mbalame ya pano ndi yomweyo ya ku Ulaya?

Azungu nawonso anakhala zaka mazanamazana asakudziwa kumene anamzeze awo amalowera. Ophunzira ena ankalemba kuti amagona m'matope pansi pa maiwe mpaka kufunde. Mu 1822, pafupi ndi Klütz ku Germany, kunaphedwa dokowe ali ndi mkondo wa ku Africa utamupyoza pakhosi. Anauluka nawo ulendo wonsewo. Mpaka lero amusunga ku yunivesite ya Rostock. Kenako kunabwera mphete zam'miyendo: namzeze amene anamuveka mphete ku Staffordshire ku England mu 1911 anapezeka ku Natal, ku South Africa, mu Disembala 1912.

Mphetezo zikuvekedwabe. Mukatola mbalame yakufa ili ndi kachitsulo kumwendo, musataye, ndipo musaope, si zamatsenga. Lembani manambala ndi zilembo zonse zimene zili pamenepo, tsiku ndi malo amene mwaipeza, jambulani ndi foni. Kuchigawo chino cha Africa kaundula wake amasunga a SAFRING ku yunivesite ya Cape Town, ndipo a bungwe losamalira zachilengedwe la WESM (Wildlife and Environmental Society of Malawi) angakuthandizeni kutumiza.

Kwathu ku Area 25 anamzeze ndimawaona ngakhale mu Julayi. Ndiye mukuti amachoka bwanji?

Mukuona zoona, koma si omwewo. Dzina lakuti namzeze timaitanira mitundu yambiri. Amene amamanga chisa chadothi pansi pa milatho ndi m'makhonde, wa kapusi kofiira pamutu, kunsi konse koyera mbee, ndi Wire-tailed Swallow, ndipo ndi wakonkuno. Wina wa mizeremizere pachifuwa ndi mutu wofiira amamanga chisa chokhala ndi kakhomo konga khosi la botolo, nayenso ndi wa mu Africa. Mlendo uja mumudziwe ndi khosi lofiirira lokhala ndi lamba wakuda kunsi kwake, ndiponso ndi ichi: kuno samanga chisa. Mukaona namzeze atanyamula dothi kukamwa, ameneyo sapita ku Ulaya.

Nanga timbalame tofiira ndi takuda timene tadzaza m'madambo pano?

Apa ndiye pokoma, ndipo safuna galimoto. Dambo lililonse limene silinamangidwe nyumba, ngakhale kangalande ka bango kuseri kwa sukulu, kali ndi zake.

Ofiirawo ndi atambala a mbalame zimene m'mabuku ndi ma bishop. Alipo awiri ofanana kwambiri. Wa m'bango, pafupi ndi madzi, amakhala ndi chipumi chakuda ndi mapiko otuwa. Wa m'tsekera ndi m'mbali mwa minda ya chimanga, pamutu ponse m'pofiira ndipo mapiko ndi akuda. Muwaonetsetse akamadzionetsera: amafutukula nthenga mpaka kukhala ngati kampira, n'kumauluka pang'onopang'ono pamwamba pa udzu, mapiko akuchita phephephe. Mmodzi amaluka zisa zingapo n'kukhala ndi akazi angapo. Akaziwo ndi otuwa, ndipo anthu ambiri amawayesa mtundu wina. Pamodzi nawo pali akuda bii a msana wachikasu, Yellow-mantled Widowbird, ndi ena a mchira wautali wolendewera ndi kamkanda kofiira pakhosi, Red-collared Widowbird.

Koma amene ali ndi nkhani ndi osamanga chisa. Kambalame kakuda ndi koyera, mlomo wofiira, mchira wopyapyala wa masentimita 20, kamene kamavina m'malere pamwamba pa mkazi wake n'kumathamangitsa anzake onse pamene pagwa misere, ndi Pin-tailed Whydah. Mkazi wake amakaikira mazira m'chisa cha kambalame kena, Common Waxbill, n'kuchoka. Anapiye ake m'kamwa mwawo muli timadontho tofanana ndi ta ana a mwini chisa, choncho makolo olerawo akasuzumira saona chachilendo, amangodyetsa onse.

Wina wochenjera kuposa apa ndi Village Indigobird, wakuda monyezimira, amene amakhala pansonga ya mtengo umodzimodzi masana onse akuimba. Iyeyu amaleredwa ndi kambalame kofiira kaja kamene kamabwera mpaka pakhomo kudzatola madeya pamene mwapetera, Red-billed Firefinch. Akakula amaimba nyimbo ya bambo womulera, ndipo mkazi amene analeredwa m'chisa cha mtundu womwewo amasankha mwamuna woimba nyimbo imeneyo. Ndiye mukatchera khutu, nyimbo yake ikuuzani mudzi umene anakulira.

A cuckoo ndi ankhanza kuposa amenewa. Mwana wa Diederik Cuckoo akaswedwa m'chisa cha mpheta zoluka zija, amataya mazira ndi ana a mwini nyumba n'kutsala yekha. Mwezi uno mukaona kambalame kakudyetsa chimwana choposa iko msinkhu, chikulira mosatopa, mwapeza mlanduwo.

Ndilibe galimoto. Mu tauni muno ndipite kuti?

Yambani pakhomo panu, ndipo sindikunena mocheza. Mtengo wa mango umodzi, mpanda wa maluwa ndi chibeseni cha madzi zimabweretsa pumbwa, choso, njiwa, timba ndi White-browed Robin-Chat, amene amayamba kuimba kusanache n'kumakweza mawu pang'onopang'ono mpaka kudzutsa nyumba yonse. Munthu wodziwa mbalame khumi za pakhomo pake ndi amene amazindikira msanga kuti lero pabwera yachilendo.

Mukafuna nkhalango, ili pakati penipeni pa mzinda. Malo a Lilongwe Wildlife Centre, m'mbali mwa msewu wa Kenyatta pakati pa Old Town ndi City Centre, ndi dera lalikulu la mitengo yachilengedwe m'mphepete mwa Lingadzi, ndipo minibasi imakutsitsani pafupi. Polowa pamakhala kolipira. M'mitengo yaitali mverani kulira kwa nkulukulu, kokhala ngati munthu akukhosomola motsatizana. Ikakhala pa nthambi ndi yobiriwira, yosaoneka bwino, koma ikatambasula mapiko kufiira kwake simungakuiwale. Kumtsinje kuli Giant Kingfisher ndi Half-collared Kingfisher, komanso mbalame imene alendo ochokera kunja amaifunafuna, African Finfoot, yosambira mwakachetechete pansi pa nthambi zolendewera, miyendo yake yofiira. Mu Malichi madzi amakhala ambiri ndi amatope, ndiye imavuta. Dikirani Epulo, mtsinje utaphwerako. Chimene chimandiwawa nyengo ino ndi majumbo ndi mabotolo amene madzi osefukira amawasiya atakolekera m'nthambi zomwezo, zinyalala zathu tomwe a kumtunda.

Botanic Gardens ku City Centre ndi pabwino kwa woyamba kumene, chifukwa mitengo ndi yotalikirana ndipo mbalame sizibisala kwambiri.

Malo ena ndi oti anthu amakwinya mphuno ndikawatchula: madamu a suweji a ku Kauma. Fungo liliko, sindikana. Koma kumene kuli tizilombo tambiri ndi kumene kuli mbalame, ndipo Wood Sandpiper ndi Common Sandpiper, oyenda m'mphepete mwa madzi miyendo ili nyang'anyang'a, amanenepera kumeneko asanayambe ulendo wa kumpoto kwa Ulaya ndi Russia. Kuli abakha am'tchire a nkhope yoyera olira ngati likhweru, akakowa, achimeza ndi anantchengwa. Ndi malo antchito, choncho pemphani chilolezo pageti, musangolowa.

Nkhwazi ya pa chizindikiro cha boma ija simufunika kukaiona ku Salima. Ku Kamuzu Dam ku Malingunde iliko.

Ku Dzalanyama kuli koyenera kupitako nyengo ino?

Kumapeto kwa Epulo, ee. Mu Malichi muyambe mwafunsa za msewu, chifukwa makilomita pafupifupi 60 amenewo, mbali yaikulu ndi yafumbi, ndipo mvula ikagwa usiku galimoto yaing'ono imatitimira.

Nkhalangoyi ndi yotetezedwa kuyambira 1922, ndipo ndi kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe, madzi amene timamwa m'mipopi. Kwa okonda mbalame ndi malo otchuka mpaka kunja chifukwa cha mitengo ya miombo. Kuli gogomole wotchedwa Stierling's Woodpecker, amene padziko lonse amapezeka ku Malawi, kumpoto kwa Mozambique ndi kummwera kwa Tanzania basi. Kuli Olive-headed Weaver, amene amaluka chisa ndi ndere zotuwa zolendewera ngati ndevu m'mitengo ikuluikulu yakalekale. Mtengo wotero ukasanduka thumba la makala pa njinga yolowera ku Chinsapo, ndere zija zimapita, mbalameyo n'kusowa pomanga. Kuli Souza's Shrike, Pale-billed Hornbill, ndi Boulder Chat m'matanthwe.

Ndikuchenjezeni chimodzi, kuti musakabwereko mutakhumudwa. M'miombo mutha kuyenda ola lathunthu kuli zii, n'kumaganiza kuti mwanamizidwa. Mbalame zakumeneko zikatha kuswana zimayenda m'chigulu chosakanikirana, mitundu khumi kapena makumi awiri pamodzi, kusesa tizilombo mtengo ndi mtengo. Mukamva phokoso la nthengu ndi timawu tambirimbiri chapatali, pitani komweko mwachangu, ndipo mukalipeza gululo yendani nalo. Mphindi makumi awiri amenewo ndiwo ulendo wonse.

Ndikufunika zida zanji? Nthawi yabwino ndi iti?

Kabuku, cholembera ndi makutu. Magalasi oonera patali, ma binoculars, amathandiza kwambiri, ndipo olembedwa 8x42 kapena 8x32 ndi okwanira. Ogula pa kaunjika muyambe mwayang'anira chinthu chakutali ndi maso onse awiri: chikaoneka pawiri, asiyeni, adzakupweteketsani mutu. Ine ndinatha zaka ziwiri ndilibe, ndipo ndi zaka zimenezo zimene ndinaphunzira kulira kwa mbalame.

Dzuwa nyengo ino limatuluka 6 koloko itatsala pang'ono. Kuyambira pamenepo mpaka cha m'ma 9 ndiyo nthawi yake, kenako 4 koloko madzulo. Udzu ndi wautali ndipo mame ndi ambiri, ndiye valani thalauza ndi nsapato zotseka. Chisoso chikumatani, chimenecho n'chopirira, koma chitedze chikayamba kukhwima m'mbali mwa mitsinje muchitalikire. Yang'anani popondapo chifukwa mphiri siithawa, ndipo musatsetserekere m'madzi a Lingadzi, muli ng'ona. Malo obisika pitani awiri. Mukafika, khalani pansi, musalankhule. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kadzidzi akulira padenga pathu usiku uliwonse. Tichite chiyani?

Ndikudziwa zimene tonse tinauzidwa tili ana, ndipo sindinyoza munthu amene mtima umamugunda akamva kulirako. Koma taonani nyengo yake. Mvula ikamatha mbewa ndi makoswe zimachuluka, chimanga chikuuma m'munda, ndipo ndi nthawi imeneyi imene kadzidzi woyera nkhope, Barn Owl, amakonda kuikira mazira. Malo ake ndi m'siling'i, m'nsanja ya tchalitchi, m'mphako, ngakhale m'chisa chakale cha nantchengwa. Kukuwa kuja ndi mwamuna ndi mkazi akuitanizana, ndipo phokoso longa munthu akupuma mobanika ndi ana akupempha chakudya. Banja limodzi limagwira makoswe angapo usiku uliwonse. Akanakhala mphaka bwenzi tikumupatsa mkaka.

Ngati fungo ndi phokoso zakukwanani, dikirani ana auluke, ndi nkhani ya miyezi iwiri, kenako tsekani bowo limene amalowera. Mukatseka ana ali m'kati adzafera momwemo, fungo lake n'kuposa loyambalo. Mwana akagwa pansi kapena wamkulu akavulala, a ku Wildlife Centre amalandira nyama zotere.

Bwanji mayina ambiri mwalemba m'Chingerezi? Achichewa kulibe?

Alipo, ndipo pamene ndikulidziwa bwino ndalemba lathu. Vuto ndi lakuti dzina limodzi lathu nthawi zambiri limanyamula banja lonse. Kadzidzi ndi onse, namzeze ndi onse, mpheta ndi timba ndiye musanene. Mabuku amagawa mpaka pa kamzere ka pa diso, ndipo pofuna kutumiza zimene mwaona kwa anthu a maiko ena dzina la m'buku ndi limene limagwira ntchito.

Izi sizikutanthauza kuti makolo ankadziwa zochepa. Iwo ankatchula mbalame ndi ntchito yake: fulagombe amafula gombe, chiombankhanga amaomba nkhanga, gogomole amagogoda. Za nsadzu wotsogolera munthu ku njuchi ankazidziwa kalekale azungu akuziyesa nthano. Mu 2016 Claire Spottiswoode ndi anzake anafalitsa kafukufuku amene anachita ndi Ayao ofula uchi ku Niassa, ku Mozambique: mlenje akamayenda akuitana ndi kaliwu kawo kapadera, mwayi wake wopeza njuchi unkawirikiza katatu poyerekeza ndi pamene akungopanga phokoso lina lililonse. Mbalameyo imadziwa kuti ikuitanidwa.

Ndiye mukapita kumudzi kukakolola mwezi uno, khalani pansi ndi agogo, muwaonetse chithunzi kapena muwaimbire kulira kwake, mufunse kuti, "Agogo, iyi kuno mumaitcha chiyani?" Lembani dzinalo ndi mudzi wake, chifukwa la ku Nkhoma silikhala lofanana nthawi zonse ndi la ku Kasiya.

Ana anga akungokhalira legeni. Komanso mbalamezi zikutithera mapira. Inu mukuti tizingoziyang'ana?

Legeni nanenso ndinali nayo, ulimbo ndinatcherapo, ndipo kunena zoona ndi kumene ndinaphunzirira kuyenda mosaswa tsamba. Mwana wa legeni amadziwa kale pamene njiwa imamwera ndi mtengo umene pumbwa amagona. Mupatseni kabuku, mumuuze kuti akubweretsereni mitundu khumi pofika Loweruka, muone. M'malo otetezedwa monga ku Dzalanyama ndi m'nkhalango ya m'mphepete mwa Lingadzi kusaka n'koletsedwa, ndipo chilango cha lamulo la nyama zakutchire chinakwera kwambiri litasinthidwa mu 2017.

Za mapira ndi mawere, mlimi sakunama. Mpheta ndi ofiira a m'dambo aja amadya ndithu, ndipo kuamira mbalame ndi ntchito yotopetsa. Chimene ndikupempha n'chakuti musathire poizoni m'madzi kapena m'madeya. Amapha zonse, nkhuku za aneba, akabawi odya ziwala, ngakhale mwana wotola mbalame yakufayo kukaotcha. Adokowe akuda aja akatera m'munda mwanu asiyeni, akutola ziwala ndi ntchemberezandonda.

Ndikaona mbalame ndilembe chiyani, ndipo nditumize kuti?

Tsiku, malo, nthawi, dzina ndi chiwerengero. Ngati dzina simukulidziwa, lembani kukula kwake poyerekeza ndi mpheta, pumbwa kapena njiwa, maonekedwe a mlomo, chimene imachita ndi pamene inatera. Musathamangire kutchula dzina la mbalame yosowa. Kakhumi konse, kasanu n'kanayi imakhala wamba imene mwaiona moipa.

Amene ali ndi foni ya intaneti angagwiritse ntchito eBird, kaundula waulere wa a Cornell Lab of Ornithology ku America, amene amalandira mindandanda kuchokera kulikonse. Pulogalamu yawo ina ya Merlin imathandiza pozindikira zithunzi, koma pa kulira kwa mbalame zakuno ine yandiphonyetsapo kangapo, ndiye musaikhulupirire kuposa makutu anu. Ofuna anzawo oyenda nawo afunse ku nthambi ya Lilongwe ya WESM, bungwe limene linayamba mu 1947. Tsiku lokumbukira mbalame zosamukasamuka padziko lonse limakhala Loweruka lachiwiri la Meyi ndi la Okutobala. La Meyi limatipeza kuno alendo atapita kale, lathu lenileni ndi la Okutobala.

Koma ntchito yeniyeni ya nyengo ino ndi ina, ndipo ndi yovuta kuposa mmene imamvekera. Mbalame ikafika mu Okutobala aliyense amaona, tsiku lake n'losavuta kulemba. Tsiku lochoka silioneka. Palibe amene amadziwa kuti namzeze amene akumuona leroyu ndi womaliza, mumangozindikira patatha sabata kuti mawaya ali okhaokha, ndipo mukafuna kukumbukira kuti munamuona liti, mutu sukuthandizani. Njira yake ndi imodzi: kulemba tsiku lililonse, ngakhale mbalameyo mwatopa nayo, ndipo tsiku limene simunaione mulembenso kuti lero palibe. Sankhani mitundu itatu yokha, namzeze wa khosi lofiirira, fulagombe ndi ina imene ili pafupi nanu, muziyang'ana malo amodzimodzi, nthawi imodzimodzi, mpaka Meyi alowe. Pa mawaya a kuseri kwa nyumba yanga sabata yatha ndinawerenga anamzeze oposa makumi atatu. Dzulo madzulo anali asanu ndi awiri.